Chifukwa Chake Adajambula Dzanja la Lonjezo

"Ababa, vuto langa ndi mano. Nanga adokotala ajambuliranji dzanja?"

Anafunsa choncho mwana wanga Lonjezo titatuluka m'chipinda cha ekisire. Mano ake akutsogolo ndi otuluka, ndipo tinapita kukamva ngati angamuike mawaya owongolera. Iye ankaopa kuti tachedwa, poti ndi wamtali kuposa anzake onse m'kalasi. Tinakhala pabenchi, ndipo ndinayamba ndi nthano.

Kale kunali mkamwini wina dzina lake Dzoole. Pakhomo pa apongozi ake panali mitengo iwiri ya mlombwa yopindika ndi mphepo, wina wautali, wina waufupi. Atsibweni a mkazi wake anamuitana.

"Akamwini, nkhuku zathu mwadya zokwanira. Tiwongolereni mtengo umodzi tidzapeze mzati. Mukauthyola, msewu wakwanu mukuudziwa."

Anthu onse ankaloza waufupi, amvekere ndiwo mwana. Dzoole sanafulumire. Anagwira nsonga ya nthambi ya waufupiwo, naipinda, ndipo inathyoka ngati chikuni. Anapinda ya wautali, iyo inangowerama n'kubwerera.

"Ndimanga wautaliwu," anatero.

"Mukusiya mwana n'kulimbana ndi nkhalamba?" anaseka atsibweni.

"Waufupiwu ndi wokalamba, atsibweni, unangopinimbira pamwala. Wautaliwu ukadali kukula."

Atsibweni anamanga luzi pa waufupi kuti amuonetse. Atakoka, mtengo unalira, n'kung'aluka pakati. Dzoole anakhoma chikhomo chake, namangirira wautali, ndipo ankakunga luzi pang'onopang'ono dzinja lonse. Pofika masika mtengo unali chilili. Atsibweni anauzungulira, nagwira mkamwini paphewa pamaso pa anthu.

"Uyu sachoka pano. Watiphunzitsa kuti kuwongola mtengo m'poyamba."

Mwambiwu unayambira pamenepo. Umatanthauza kuti chinthu chimakonzeka chikadali chanthete, chikakhwima chimakana. Koma ambiri amaiwala mbali ya Dzoole: kukhwima sakuyesa ndi msinkhu.

Ndinatulutsa chithunzi cha dzanja lake m'chikwama n'kuchiloza kuwindo. Ndinamuonetsa timipata takuda chakumapeto kwa mafupa a zala zake, monga anandionetsera adokotala. Dzanja lomwelo linkagwira chala changa chimodzi ali khanda, ndipo lero analiika yekha pamakina ojambulira. Mtima wanga unadzaza.

"Ndiye ine ndine mtengo uti?" anafunsa.

"Wautali uja, mwana wanga. Dzanja ndilo nsonga ya nthambi yako. Munthu akasiya kukula timipatati timatsekeka, ndipo nsagwada sizimveranso msanga. Timipata tako tikadali totseguka. Adokotala ajambula dzanja kuti adziwe nthawi, ndipo dzanja lawauza kuti sitinachedwe."