Kanyimbi ndi Dontho Limodzi la Vanila

Kalekale, nyama zikuyankhulabe, Kanyimbi sankanunkha. Musaseke inu, nkhaniyi ine imandimvetsa chisoni.

Kanyimbi ankafuna kufunsira Gologolo, namwali wa kutsidya kwa mtsinje, koma ankadzikayikira. Choncho anapita kwa mayi Njuchi, katswiri wosakaniza mafuta onunkhira. Njuchi sankapangira chigulu ayi, aliyense ankamukonzera fungo lakelake. Anasinja nyemba zakuda za vanila, nasakaniza ndi maluwa a mandimu m'kansupa.

"Dontho limodzi kuseri kwa khutu, mwanangu. Limodzi basi."

Kanyimbi anadzola, nanyamuka. Pofika pamtsinje anadzinunkhiza, koma fungo zii! Anabwerera.

"Amayi, mafuta anu auluka."

"Sanauluke, mphuno yako yangozolowera. Pita."

M'mawa mwake anadzola odzaza dzanja. Pamtsinje paja, zii! Anabwereranso.

"Amayi, mwandipatsa madzi."

"Mwana iwe, ine ndakumva fungo usanatulukire pachulu paja. Pita!"

Tsiku lachitatu anapeza Njuchi atapita kumaluwa. Anatsanulira mumphika nsupa zonse za eni ake, ya Mbawala, ya Mvuu, ngakhale zimene zinali zisanakhwime. Anadzola thupi lonse. Otsalawo anagugudiza, ati fungo lizichokera m'kati.

"Eya, tsopano ndikudzimva!"

Anawoloka. Azakhali a Gologolo atangomuona anagwira mphuno, nathawira mumtengo. Gologolo anaima patali, misozi ili chuchuchu.

"Achimwene, kodi dzana munali inu pamtsinje paja? Mphepo inandibweretsera kafungo ka vanila. Ndinauza azakhali kuti mwini fungo limeneli akabwera, ine ndilola. Ndinadikira tsiku lonse. Bwanji munabwerera osawoloka?"

Kanyimbi anathamangira kumtsinje.

Anasamba ndi phulusa. Anasamba ndi mchenga. Anasamba ndi masamba a mpungabwi. Pomaliza anakagwada kwa Njuchi.

"Zapakhungu ndikanakuchotsa, mwanangu," anatero Njuchi, "koma zakumwazo ndizifikira bwanji?"

Mpaka lero Kanyimbi amayenda yekha. Akadutsa pamtengo wa mandimu wamaluwa, amaima pang'ono, kenako n'kumapita.

Ana inu, kununkhira ndi kununkha zayandikana kwambiri. Wodziwa akakuuzani kuti zakwana, mverani, poti mphuno yako siikuchitira umboni. Kanyimbi anali atakondedwa kale ndi dontho limodzi lija.

Nthano yanga yathera pomwepa, kaphuleni mbatata ija isanapserere.