Mkamwini Amene Anafolera Khola la Nkhuku

Panali munthu wina wokulira m'tauni, m'nyumba za malata, amene anakakwatira kumudzi n'kukhala pachikamwini. Mwambo wa kumeneko unali woti mkamwini amange nyumba ndi manja ake. Zipupa anamanga, mitengo ya denga anaika, udzu wongokwanira nyumbayo anamweta, koma kufolera sankadziwa. Mkazi wake anali woyembekezera, ndipo ankagonabe kwa amayi ake. Azilamu ake ankanena poyera kuti mvula ikadzapeza nyumbayo ili pamtetete, mkamwiniyo adzatenge chikwama chake azipita kwawo.

Munthuyo anapita kwa a Mpinganjira, malume a mkazi wake, katswiri wofolera, kukawapempha kuti amufolerere.

"Ndikakufolererani, chaka chamawa mudzabweranso," anatero mkuluyo. "Udzu wanu usungeni. Tengani wangawu, mukafolere khola langa la nkhuku."

Anafolera tsiku lonse, kuyambira pamwamba kutsika m'munsi, monga amachitira munthu amene anangoonerako ali patali. Madzulo a Mpinganjira anakhuthulira ndowa ya madzi padengapo. Nkhuku zinatuluka zitanyowa.

"Udzu umayambira m'munsi, wapamwamba uziphimba mnzake. Sasulani."

Anasasula, nafoleranso. Linadonthabe. Ulendo wina udzu unapyapyala, ulendo wina luzi anamanga molobodoka, mphepo n'kubalalitsa zonse. M'manja munatuluka matuza. Amayi opita kuchitsime ankaseka, amvekere mkamwini uja wakwatira nkhuku. Zinkamuwawa kwambiri, ndipo sindikubisireni, tsiku lina anafuna kungolongedza. Koma m'mawa anakweranso. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mitolo ya a Mpinganjira inkachepa, koma iwo sanadandaulepo. Ankangobwera ndi ndowa yawo.

Tsiku lina madzi anatsetsereka bwinobwino n'kugwera kunja. Manja anali atadziwa okha pokoka luzi, osadikira kuuzidwa. Pamenepo anakwera panyumba yake.

Mvula yoyamba inagwa masana, yamphamvu, mwana atabadwa kale. Mkazi wake anakhala pamphasa m'nyumba yatsopanoyo akuyamwitsa, maso ali kudenga, kudikira dontho. Silinagwe.

Itakata, munthuyo anathamangira kwa a Mpinganjira kuti akawauze. Anawapeza m'khitchini mwawo, iwo ndi akazi awo, zovala zitanyowa, moto utazima. Denga linali mbee, kumwamba kukuoneka. Udzu umene iye ankawononga pakhola uja unali umene mkuluyo anamweta kuti afolerere khitchiniyi.

Mkamwiniyo anagwada pamatope pomwepo, misozi ikutsika.

"Malume, ndithokoze bwanji?"

"Kwanu kwadontha?"

"Ayi."

"Ndiye mwathokoza kale."

Kutacha anayenda khomo ndi khomo kupempha mitolo yotsala, nakwera pakhitchiniyo popanda womutuma.

Inu amene mukundimvera, luso sililowera m'maso. Limalowa m'manja, mwa kuchita, kulakwitsa, n'kuyambiranso anthu akuseka. Koma musanadziguguda pachifuwa kuti munaphunzira nokha, kumbukirani kuti zimene munkawononga pophunzirapo zinali ndi mwini wake. Alipo amene munamudulira nsalu molakwika, amene munamukweza panjinga mukadali wogwagwa, amene anadya ndiwo zanu zopserera osanena kanthu. Ngati akadali moyo, musadikire maliro ake. Pitani mukamuthokoze akumva.