Kaputeni Amene Anagula Makasu

Panali munthu wina, kaputeni wa asilikali, amene ankayang'anira kampu yaing'ono pakati pa tchire. Anali atakhala pa udindo umenewo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo kunamutsalira chaka chimodzi kuti apume pa ntchito. Ankalakalaka chinthu chimodzi chokha: kukwezedwa kukhala meja asanavule yunifolomu. Musamuseke. Zimawawa kuti imvi zikumerere ukuchitira sawatcha ana amene unawaphunzitsa wekha kugwira mfuti.

Kuseri kwa phiri kunali kampu ina, ya kaputeni mnzake wachinyamata. Mpando wa umeja unali umodzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti udzagwera mmodzi mwa awiriwa.

Chaka chimenecho likulu linagawa ndalama za zida mofanana ku makampu awiriwo, n'kunena kuti kaputeni aliyense alembe zimene akufuna. Zofunika zinali zitatu: mfuti zatsopano, zitsulo zokutira magalimoto kuti zipolopolo zisamaboole, ndi zozimitsira moto. Koma ndalama za boma mukuzidziwa. Zili ngati bulangete la mwana, ukafunda kumutu mapazi ali panja.

Wachinyamata uja sanachedwe. Analemba mfuti ndi zitsulo, ndalama n'kuthera pomwepo. Sanali wopusa ayi. Msilikali ndi mfuti, ndipo akuluakulu akabwera kudzayendera amayamba kuona mfuti.

Wachikulireyo anapinda pepala lake, n'kuyamba wayendera kampu. Anaona tsekera atafika pakhoma la nyumba yosungiramo zipolopolo. Ananyamula limodzi mwa mabotolo ofiira ozimitsira moto, n'kupeza lapepuka, mulibe kanthu. Chaka ndi chaka asilikali ankangowapaka utoto kuti aziwala pa tsiku loyendera, chikomekome cha mkuyu. Anakumbukiranso kuti udzu ukangouma, anthu a m'midzi yozungulira amatentha tchire posaka mbewa.

Anabwerera ku ofesi nalemba: kudzaza mabotolo onse, thanki ya madzi, ndowa za mchenga, makasu ndi zikwanje. Zotsala anati zikonzetsere mfuti zakale ndi kukuta magalimoto awiri okha.

Sajeni wake, amene anayenda naye zaka zambiri, atawerenga pepalalo anagwira pakamwa.

"Bwana, ili likafika kulikulu ndiye kuti umeja mwautaya. Adzati kuno kuli mlimi, osati msilikali."

"Ndikudziwa, Sajeni," anatero kaputeni. "Koma mdani amene ndimamuona ndi maso anga chaka chilichonse sabwera ndi mfuti. Tumizani."

Katundu atafika, asilikali analambula mpita waukulu kuzungulira kampu yonse. Analima akung'ung'udza, manja ali matuza okhaokha, ndipo kumbali anayamba kumutchula kuti Mlangizi wa Zaulimi. Akuluakulu atabwera kudzayendera, kuseri kwa phiri anakhalako tsiku lonse akusisita mfuti zatsopano. Kwa Mlangizi anangomwa madzi n'kupita.

Moto unabwera mu Okutobala, masana dzuwa lili paliwombo, mphepo ikuukankha. Unagawika paphiri n'kutsikira mbali zonse ziwiri.

Kwa wachinyamata unafika pa magalimoto. Zitsulo zija zinkakana chipolopolo, koma matayala sakana moto. Asilikali anathamangira mabotolo ofiira n'kupeza ndi utoto wokhawokha. Kaputeniyo anali wolimba mtima, zimenezo tisamulande. Analowa mu utsi kawiri natulutsa anyamata ake awiri, iye n'kupsa manja. Wachitatu, dalaivala amene ankayesa kuthawitsa lole, sanatuluke.

Kwa wachikulire moto unafika pa mpita uja n'kusowa chodya. Malawi ochepa anaulukira padenga la mosungira magalimoto. Asilikali anathirapo mabotolo awiri ndi mchenga, basi nkhani n'kutha.

Kulikulu kunafika malipoti awiri. Lina linali la masamba asanu ndi limodzi, lodzaza utsi, magazi ndi kulimba mtima. Linalo linali la mizere itatu: moto unafika, unazimitsidwa, palibe chawonongeka. Akuluakulu anawerenga lalitalilo misozi ikulengeza. Lalifupilo analiponya mu fayilo.

Wachinyamata analandira mendulo ndi umeja. Pa perete, wachikulire anaima nji n'kumuchitira sawatcha. Zinamuwawa kwambiri, ndipo kwa mkazi wake sanabise.

Tsiku lake lotsanzika anapempha chinthu chimodzi, kuti mayina a asilikali awaitane yekha. Anatenga buku m'manja mwa sajeni, naitana mmodzimmodzi, mosafulumira. Mayina anali makumi asanu ndi limodzi. Pa dzina lililonse kunamveka mawu akuti, "Ndilipo, bwana!" Anatseka bukulo, nakwera lole yopita kwawo ali kaputeni yemweyo.

Tsono inu amene mwakhala apa, mawa cholembera chidzakhala m'manja mwanu, ndipo ndalama sizidzakwana, chifukwa sizinayambe zakwanapo. Sindikunamizani kuti mukasankha bwino adzakuomberani m'manja. Tsoka limene mwalitchinga silikhala ndi mboni. Mayi amene mwana wake wabwerako wamoyo sadziwa n'komwe woti amuthokoze. Sankhani mukudziwa zimenezo, ndipo musadzadandaule. Koma ena mwa inu mudzakwera mpaka kukhala pa mpando wowerenga malipoti. Tsiku limenelo, lipoti la mizere itatu mudzaliwerenge kawiri, kenako mudzafunse dzina la amene walilemba.