Chiliza cha Malita

Abale anga, kunali mmisiri wina womanga nyumba. Kwawo kunali ku Dowa, koma anakakwatira ku Mitundu, pachikamwini. Kumeneko anamanga nyumba ya njerwa zootcha pamalo a akuchikazi, monga mwa mwambo. Mkazi wake anali Nankhoma. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, mtsikana, dzina lake Malita.

Ntchito ya umisiri mukuidziwa. Siibwera pakhomo, umaitsata ndiwe. Chaka china mmisiri uja anaitsata mpaka ku Kasungu, kukamanga nyumba ya munthu wina. Ali komweko, Malita anadwala. Thupi linatentha. Mayi ake anayesa ndi chimfine cha nthawi ya mvula, anamupatsa panado, n'kudikira. Thupi silinazizire. Pamene ankafika naye kuchipatala, anamwino anati ndi malungo, ndipo alowerera kale.

Nankhoma anaimba foni. "Bwerani, mwana sali bwino."

Mmisiri anayang'ana khoma limene linatsala pang'ono kutha. "Ndibwera Loweruka," anatero, "tingomaliza khomali."

Amalume ake, amene analinso nkhoswe yake ya ukwati, atamva za matendawo anaimba nawonso. "Iwe, siya njerwazo. Kwera basi lero lomwe."

"Ndamva, amalume," anayankha. Koma sanakwere. Malita sanafike Loweruka.

Maliro anatha, anthu anabalalika, m'nyumba munatsala anthu awiri. Aliyense anali ndi chake chomudya mumtima. Mayi ankadziwa kuti anachedwa kupita kuchipatala. Bambo ankadziwa kuti anaitanidwa koma sanabwere. Komatu mtima wa munthu ndi wochenjera, abale. Ukalemedwa ndi cholakwa chake, umayamba kusaka cha mnzake. Tsiku lina anangosemphana pang'ono pa kanthu kachabechabe, mmisiri n'kulavula mawu: "Mwanayu munamupha ndinu, ndi panado wanuyo."

Nankhoma anadzuka, n'kupita kwa mchimwene wake, amene anali nkhoswe ya kuchikazi. Mmawa mwake mmisiri anapeza zovala zake zili m'thumba pakhonde, mlamu wakeyo ataimirira pambali. "Alamu," anatero, "pamudzi pano musadzapondenso."

Mmisiri ananyamula thumba, n'kupita ku Lilongwe, kukachita lendi kachipinda ku Chinsapo.

Miyezi inapita. Anthu atakolola, uthenga unamupeza: ku Mitundu akukonza zomanga chiliza cha Malita, ndipo apeza kale mmisiri wina. Tsono inu okulira m'tauni mundimvetse. Kumanda sikulowedwa ngati kumsika. Manda ali ndi eni ake. Mkamwini, ngakhale wagona m'mandamo ndi mwana wake womubereka yekha, salowamo eni mbumba asanamutsegulire njira. Ndipo iye anali atatsekeredwa.

Zinamupweteka munthuyu. Moyo wake wonse anamangira anthu osawadziwa. Tsono mwana wake yekhayo, amumangire ndi munthu wachilendo, iye ali ku Chinsapo? Chakudya chinamukanika. Nyumba ija sankaiganiza n'komwe. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kulowa m'manda muja, n'kuyala yekha njerwa pamene pagona mwana wake.

Anzake a kuntchito anamulangiza, pajatu malangizo ndi chinthu chimene munthu amapatsa mnzake mosaumira. "Achimwene, mukugona. Masiku ano kuli makhoti. Nyumba ija ndi thukuta lanu. Pezani loya, anthu aja anjenjemere. Adzakutsegulirani okha njira."

Anapitadi kwa loya. Anali mayi waulemu, wodziwa ntchito yake, ndipo anamvetsera modekha. Mmisiri anafotokoza zonse bwinobwino: za panado, za thumba pakhonde, za mawu a mlamu wake. Koma za foni ziwiri zija anazibisa. Za mawu amene anamulasa nawo mkazi wake, sanatchule. Musamuseke. Nonsenu mukamafotokozera mlendo mkangano wa kunyumba kwanu, mumatulukamo muli angelo. Ine ndimakumvani.

Loya uja anati, "Bambo, za nyumba tikhoza kukamenyera, mwina mungapezepo gawo lanu. Ine ndidzaimira inu nokha. Zolakwa za mayiwo ndidzazinena pagulu, loya wawo adzanena zanu. Koma mwati chimene mukufuna ndi kumanda. Tikadzatuluka m'khoti, mudzatha kuima pamanda amodzi ndi anthu amenewa? Nanga ankhoswe anu akuti bwanji?"

"Sindinawauze," anayankha mmisiri.

"Kaganizeni kaye. Mukafuna kubwera, khomo langa ndi lotsegula."

Mukudziwa chifukwa chake sanawauze? Loya amadziwa zimene wamuuza. Nkhoswe imadziwa zonse. Amalume aja ndi amene anaimba foni n'kuti kwera basi lero lomwe. Pamaso pawo panalibe pobisala.

Anaima padepoti nthawi yaitali, oitanira minibasi akumukoka malaya uku ndi uku. Akabwerera kwa loya, dzina lake likhala loyera, mwinanso apambana. Akapita kwa amalume, manyazi amudikira. Ndikumumvera chisoni munthu ameneyu, chifukwa inenso manyazi ndimawaopa kuposa njala. Potsiriza anakwera minibasi ya ku Dowa.

Amalume anawapeza kudimba, akuthirira tomato. Anali atakalamba, mawondo akuwavuta. Anamuyang'ana mphwawo osadabwa.

"Wabwera."

"Ndabwera, amalume. Mukawauze anthu aja kuti Malita ndi mwana wanganso."

"Zimenezo akuzidziwa kale," anatero amalume. "Ine ndikanena zimene iwe sunanene."

Mmisiri anazolika. "Adzakunyozani chifukwa cha ine."

"Mutu ukakula sulewa nkhonya. Kagwire tambala wofiira uja, timumange miyendo."

Anatumiza mawu ku Mitundu, tsiku linapanganidwa. Mwambo wa ankhoswe mukuudziwa: eni banja amakhala chete, oyankhula ndi ankhoswe. Atafika, anapeza akuchikazi atasonkhana pakhomo pa mlamu uja. Mlamuyo anali atakonzeka. Mawu anali atawanola kwa miyezi, ndipo nkhope yokha inkaonetsa kuti lero kuli ntchito. Nankhoma anakhala pamphasa cha pambali, atayang'ana kumbali.

Alendo anapatsidwa mipando. Mmisiri anakhala. Koma amalume anaukankhira pambali mpando wawo. Pang'onopang'ono, ndi mawondo awo ovuta aja, anatsika mpaka anakhala padothi. Anaika tambala patsogolo, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Eni mbumba," anatero, "talakwa ndife. Munatiitana, sitinabwere. Tinasankha khoma la mwini, mwana wathu akutha. Titabwera, m'malo mopukuta misozi ya mayi, tinamulasa ndi mawu. Nyumba sitinadzere ayi. Tabwera kudzapepesa."

Mwamva, abale? Anati ndife. Mkuluyu ku Kasungu kunalibe. Khoma lija sanaligwire. Mawu oipa aja sanatuluke m'kamwa mwake. Iyeyu ndi amene anachenjeza, ndipo akanatha kunena kuti ine ndinamuuza, mwanayu ndi wosamva. Palibe akanamutsutsa. Koma anatola cholakwa cha mphwake, n'kuchisenza ngati chake, n'kukhala nacho pafumbi pamaso pa anthu.

Mmisiri mpando unamuotcha. Akhala bwanji pamwamba, nkhalamba ili padothi chifukwa cha iye? Anatsetsereka, n'kukhala pansi pambali pa amalume ake. Misozi imene inakana kutuluka tsiku la maliro inatuluka tsiku limeneli. Analira mokweza, osasamala kuti apongozi akumuona.

Mlamu uja anatsegula pakamwa, mawu onola aja osapezeka. Anakonzekera munthu wodzakana mlandu, koma amene anabwera anali atauvomera kale.

Kenaka Nankhoma anaswa mwambo. Anayankhula yekha, osatembenuka, mawu ali pansipansi. "Inenso ndinachedwa naye mwana. Palibe tsiku limene ndimaiwala."

Mchimwene wake anamuyang'ana. Anayang'ananso nkhalamba ili padothi ija. Ndipo nayenso anadzuka pampando, n'kukhala pansi. "Ngati zili choncho, nafenso talakwa," anatero. "Tinapirikitsa munthu misozi isanaume." Anatambasula manja, n'kulandira tambala uja.

Ndikuona amayi a kumbuyoko mwayamba kale kukonza nthungululu. Mukufuna ndinene kuti banja linabwerera tsiku lomwelo, anthu n'kuvina. Dikirani. Chilonda cha mawu sichipola ndi tambala mmodzi. Nankhoma anati za banja akufuna nthawi, ndipo ankhoswe anavomera kuti aziyenderana mpaka mitima itakhazikika. Mwina adzabwererana. Mwina adzasiyana, koma adzasiyana ngati anthu, opatsana moni panjira. Zimenezo ndazisiya m'manja mwa Mulungu.

Koma za chiliza anagamula pomwepo. Mmisiri wachilendo uja anauzidwa kuti apume.

Tsiku litafika, eni manda anatsogola, mlamu uja pambuyo pawo, kenaka mmisiri, atanyamula zipangizo zake. Palibe anamuletsa. Anafika pamene panagona Malita, anagwada, n'kuyamba kuzula udzu ndi manja. Anayeza, anakumba maziko, anayala njerwa. Anthu amene anaona amati sanaonepo mmisiri womanga mofatsa chotero. Njerwa iliyonse ankayamba waipukuta fumbi asanaiike.

Dzuwa litakwera, madzi okandira simenti anatha. Amayi ndi amene ankatunga, n'kumasiya zidebe kumphepete kwa manda kuti amuna azilowetsa. Koma Nankhoma atafika ndi chidebe chake sanaime kumphepeteko. Anapempha eni manda, anamulola, n'kuyenda mpaka pamene mwamuna uja anagwada. Anatula chidebe pambali pake.

"Madzi awa, bambo a Malita."

Mmisiri anangogwedeza mutu, n'kutunga madziwo. Mayi uja sanachoke. Anakhala pansi pafupi, n'kumamupatsira njerwa imodziimodzi mpaka chiliza cha mwana wawo chinatha.

Tsono tamverani tanthauzo lake, abale anga.

Sindikunena kuti loya ndi mdani. Mwaona nokha kuti loya wa m'fanizoli ndi amene anamulozera njira munthuyu. Pali nkhani zofunika lamulo. Mayi, ngati mukumenyedwa, musakhale chete poopa kuti anthu ati bwanji. Ngati amasiye akulandidwa katundu, ngati ana asiyidwa opanda chithandizo, ngati ankhoswe akukondera wamphamvu, pitani kukhoti, ndipo mpingo ukuperekezani. Lamulo lilipo kuti liteteze wofooka.

Koma musanasankhe khomo logogoda, dzifunseni chimene mukufuna kutuluka nacho. Khoti likhoza kukugawirani nyumba. Silingachititse munthu amene munamulasa kuti akutungireni madzi. Mwana amene munabereka awiri, kaya ali moyo kaya anagona, adzakukumanitsanibe, pachikwati, pamatenda, pamanda. Tsiku limenelo mudzafunika nkhope yoyang'anirana.

Ndipo chachikulu nachi. Ambirife timabwera kwa Mulungu monga mmisiri uja anapitira kwa loya. Timafotokoza bwino zolakwa za mkazi, za mwamuna, za apongozi, zathu titazikhalira. Timafuna wotinenera kuti ndife osalakwa. Koma amene tinapatsidwa ndi Nkhoswe, Ambuye wathu Yesu. Iye akudziwa zonse. Akudziwa tsiku limene anakuitanani inu n'kunena kuti ndibwera Loweruka. Sananene kuti ine ndinawachenjeza, zawo zimenezo. Anatsika, anasenza cholakwa chimene sichinali chake, n'kukhala nacho pafumbi, kuti njira imene inatsekedwa itseguke.

Ndiye lero musapite kwa Iye ndi mlandu wa mnzanu. Pitani ndi chija mwakhala mukubisachi. Manyazi alipo, sindikunamizani. Koma Iye wakhala kale pansi m'malo mwanu. Tsikani pampandopo, mukhale pambali pake.