Tsiku Lotsatira Sabata

Kalekale, mafoni a m'manja asanabwere, uthenga ukuyendabe pa kalata ndi pa njinga, kunali koleji ya aphunzitsi yotchedwa Kamphande. Inali kutali ndi msewu wa tala, moti matimu a mu ligi ya makoleji anatopa ndi kukankha malole m'matope, ndipo anagwirizana zoichotsa mu ligiyo. Kwa zaka ziwiri bwalo la mpira la pa Kamphande silinalandire mlendo. Anyamata ankangosewera okhaokha, ovala malaya kulimbana ndi ovula.

Bwalolo analisalaza ndi a Jumbe, mphunzitsi wa zamasewera. Anagumulapo zulu ziwiri ndi kuzula zitsa ndi manja awo adakali ndi mphamvu, ndipo tsopano anali pafupi kupuma pa ntchito. Tsiku lina mkulu wa koleji, Mayi Kachingwe, anawaitana ku ofesi. Musawayese ankhanza mayiwa ayi, anali ndi ophunzira mazana atatu oti adye.

"Bambo Jumbe, bwalo lanu lija ndi munda wabwino," anatero. "Thirakitala ikubwera Lachiwiri lomaliza la teremu ino. Ndikapanda kuona ndi maso angawa timu yachilendo ikusewera pamenepo mpira weniweni, osati wonamizira, tidzalapo chimanga."

A Jumbe zinawapweteka mumtima. Anasonkhanitsa timu pansi pa golo nafotokoza zonse, kenako anati, "Ine miyendo inatha, ana anga. Ndipezereni timu."

Woyamba kudzuka anali Limbikani, kaputeni, munthu wouma mutu ngati mwala wonolera. Anabwereka njinga ya wophika nayamba ulendo. Matimu a mu ligi anamuuza kuti ndandanda wa masewera awo ndi wodzaza. Timu ya pa esiteti ya fodya inati ibwera chaka cha mawa. Ena anangomuseka atamva dzina la Kamphande. Tayala litaphulika analidzaza udzu napitiriza, mpaka anafika ku koleji ya zachipatala ya Nsanjika, ya mpingo wina wopembedza Loweruka. Mphunzitsi wa timu ya kumeneko anakana kawiri. Limbikani sanachoke. Anakhala pakhonde la ofesi masiku awiri, ndipo munthuyo akamadutsa ankamupatsa moni waulemu: "Mwaswera bwanji, bambo? Ndikadalipo." Tsiku lachitatu bamboyo anagonja nalemba kalata yaifupi: "Tibwera tsiku lotsatira Sabata ikubwerayi. Tikadzapeza mulibe, musadzatiitanenso."

Limbikani anafika nayo Lachinayi, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Tsono anthu a pa Kamphande ankapemphera Lamulungu, ndipo tsikulo ankalitchula Lasabata. Aliyense anawerenga pa zala n'kupeza Lolemba. A Jumbe nawonso anapeza Lolemba, ndipo anapita kutauni kukafuna mpira watsopano, n'kunena kuti abwerako Lamulungu masana.

Wachiwiri anali Tiyamike, mlembi wa timu, mtsikana amene chibadwire sanamenyepo mpira. Iyeyu analeredwa ndi azakhali ake opembedza Loweruka. Loweruka masana, akuika kalata ija mu faelo, anaiwerenganso. Anathamangira kwa Limbikani.

"Achimwene, Sabata ya anthu awa ndi lero. Akubwera mawa."

"Achemwali, anapitako ndine," anayankha Limbikani. "Inu sungani makalata."

Vuto linali lakuti osewera asanu ndi atatu ankaimbanso kwaya, ndipo Lamulungu m'mawa kwayayo inali pa ulendo wa ku chikondwerero cha maimbidwe, ulendo wobwerako Lolemba. Tiyamike anauza woyang'anira kwaya, nayenso anamukaniza. Kutacha, lole ya koleji itadzaza oimba ovala mikanjo, inapeza Tiyamike atakhala pakati pa geti, miyendo atatambasula ngati akusankha mtedza. Dalaivala analiza hutala mpaka atatopa.

"Mundiponde," anatero Tiyamike. "Apo ayi, osewera atsike."

Anatsikadi, akumutukwana chamumtima, ndipo kwaya inapita yopanda mabesi. Tiyamike sanawasiye osewerawo kuti akagone. Anawatuma kukatapa phulusa kukhitchini n'kujambula mizere ya bwalo. Dzuwa linafika pamutu, msewu uli zii. Linapendeka, msewu uli zii. Apo mawu anayamba kumugwera poyera, ena akuti ndi wamisala, ena akuti akufuna kutchuka. Ndikuuzeni zoona, nayenso mantha anamugwira, koma sanasunthe pamene anaima. Cha m'ma 3 koloko fumbi linatulukira kuseri kwa phiri. Inali lole ya Nsanjika, ndipo a Jumbe anali momwemo ndi mpira wawo, atawatola panjira ali wefuwefu.

Wachitatu anali Alifeyo, goloboyi, munthu wosayankhulayankhula. Alendo atatsika zinadziwika kuti goloboyi wawo anamusiya akunjenjemera ndi malungo, ndipo amene anayenera kulowa m'malo mwake anabinya chala pokankha lole pa chithaphwi. Mphunzitsi wawo anayang'ana chikhamu cha anthu chimene chinayamba kusonkhana, napukusa mutu.

"Popanda wapagolo sitisewera. Sitinabwere kudzachititsidwa manyazi."

Dalaivala wawo anali ataliza kale injini. Alifeyo anali m'chaka chomaliza, ndipo zaka ziwiri zonse anadikira tsiku loimira koleji yake pamaso pa alendo. Anavula jezi ya Kamphande, naipinda bwinobwino, naipereka kwa a Jumbe.

"Ndikugwirirani ine," anauza alendowo.

Pagolo la Kamphande panaima woimba besi wina wamtali, amene mpira woyamba womwe unabwera unamudutsa m'miyendo. Chigoli chimodzi cha alendo chimenecho. Kuchokera pamenepo anyamata a Kamphande anakhamukira kutsogolo ngati njuchi, koma chilichonse chimene anamenya chinathera m'manja mwa Alifeyo. Kutatsala mphindi ziwiri, woimbira mpira anapereka penate kwa Kamphande. Limbikani anaika mpira pa phulusa. Kuseri kwa golo anzake a Alifeyo ankanong'ona, "Aise, ndife abale ako. Gwera mbali inayo." Alifeyo anaponya maso kumene kunakhala Mayi Kachingwe pa mpando wawo, ndipo anaona kuti mayiwo sakuyang'ana mpira, akuyang'ana iye. Limbikani anamenya chamkokomo kumanzere, Alifeyo anauluka n'kuukumbatira. Kamphande inagonja pakhomo pake, ndipo pa chakudya chamadzulo palibe amene anakhala naye tebulo limodzi.

M'mawa mwake Mayi Kachingwe anaitana a Jumbe pamodzi ndi atatuwo.

"Penate ija ikanalowa mwadala, ndikanadziwa kuti mukundinamiza," anatero. "Thirakitala ndaiuza ikalime kudambo. Koma Bambo Jumbe, inu mukupuma, ndipo bwalo lopanda woliyang'anira lidzabwerera kwa ine. Pa atatu omaliza maphunzirowa, mmodzi atsale pano pa udindo wanu. Enawo apita kumene adzawatumize kukaphunzitsa. Ndilembereni dzina limodzi."

Onse atatu ankaifuna ntchitoyo, ndipo palibe amene anabisa.

Limbikani anati, "Ndikanapanda kupalasa njinga yamaudzu ija, palibe akanabwera."

Tiyamike anati, "Akanabwera n'kupeza mbuzi zokha, achimwene, chifukwa tsiku munaliphonya."

Alifeyo anayang'ana pansi nati, "Anabwera, anakupezani, koma lole inali italiza kale injini."

"Iwe unatigonjetsa," anatero Limbikani, mtima utapsa.

"Eya," anayankha Alifeyo. "Bwalo lilipo."

A Jumbe anagwira cholembera. Ankadziwa kuti ntchitoyi imafuna munthu wosatopa kupempha matimu, komatu wosatopayo ndi yemwe anasokoneza tsiku n'kukana kumva. Imafuna munthu womvetsa zimene mlendo akutanthauza, komatu womvetsayo sadziwa n'komwe kuimitsa mpira, ndipo a kwaya sadzamukhululukira msanga. Imafunanso munthu wosanamiza bwalo, komatu ameneyo anyamata sakumuyankha moni. Ine amene ndikukusimbiranipo ndasinthapo maganizo katatu, ndipo musandifunse kuti lero ndaima pati.

Tsono inu, amene mumadziwa kukalipira woimbira muli kunja kwa mzere, cholembera ndi ichi. Awiri akweza matumba awo pa lole Lachiwiri, osadzalionanso bwalo limene analipulumutsa. Atsale ndani: amene anabweretsa alendo, amene anamva tsiku, kapena amene anagwira penate ya abale ake?