Masamba a pa Chigayo

Panali mnyamata wina wa ku ofesi ya zamisewu. Bwana wake anamuitana nati, "Msewu uwu ukutha anthu. Uudule m'zigawo, uwerenge ngozi za chigawo chilichonse. Choipitsitsa tikaikako mahampu."

Mnyamatayo anatsegula mapu pa laputopu. Podula ankafuna malo odziwika, oti aliyense amawatchula. Anaona chigayo pa kona. Anadula pomwepo, basi. Chigawo cha kumtunda chithere pa chigayo, cha kumunsi chiyambire pa chigayo.

Ndiye tamverani. Ngozi ikachitika, mboni ina inkati, "Zachitika tisanafike pa chigayo." Ina inkati, "Titangopitirira chigayo." Iye za "tisanafike" ankaponya chigawo ichi, za "titangopitirira" chigawo icho. Zigawo zonse ziwiri zinatuluka ndi ngozi zochepa. Mahampu anapita kwina.

Tsiku lina anakwera minibasi kukaona mahampu akewo. Atafika pa kona ija, dalaivala anaponda buleki. Masamba pamsewu. Maliro. Nyimbo anazimitsa, abambo anavula zipewa, galimoto inadutsa mokwawa.

Pobwerera mawa lake, masamba ena, aawisi. Sabata yotsatira, masambanso. Aaa, mudzi wanji wofa chonchi? Mnyamata uja anatsika.

Anapeza mayi wina, ufa mbuu kumaso, akukokera nthambi pa tala.

"Pepani mayi, maliro ndi a ndani?"

"Sitinadziwe, achimwene."

"Simunadziwe bwanji? Si mwayala masamba apa?"

"Timangoyaliratu. Madalaivala anuwa amaopa maliro okha. Tsiku limene taiwala kuyala, m'pamene timadziwa kuti ndi a ndani."

Mnyamata uja anafunsanso.

"Nanga mahampu simunapemphe?"

"Tinapempha mpaka mawu kutha. Akuti kuno ngozi n'zochepa. Kaya wowerengayo amawerengera ali kuti, kaya."

Anayang'ana uku, magalasi osweka mbwee. Anayang'ana uko, nsapato ya mwana m'ngalande. Pakati pake, mtunda woti mwala ukhoza kufika. Malo amodzi! Kona imodzi! Ndipo mzere wake unadutsa pakati penipeni.

Anatulutsa foni.

"Bwana, mzere wa pa chigayo uja ndikufufuta."

"Iwe, ntchito ija tinatseka kalekale."

"Itsegulidwe. Ndinadula pakati pa bala, theka uku theka uko. Mukaphatikiza, palibe malo a ngozi zambiri kuposa pano msewu wonsewu."

Anafufutadi. Kenako anapinda malaya, nagwira mbali ina ya nthambi ija.

Tsono iwe amene ukumva, tsiku lina adzakupatsa mpeni wogawira zinthu, kaya kuntchito, kaya kwanu. Usadule pamene pakuphwekera. Vuto ukalidula pawiri limaoneka laling'ono, koma manda sachepa. Dzuka pampandopo, pita ukaone. Pali anthu akuyala masamba a munthu amene akadali moyo.