Dzina Limodzi, Akazi Atatu a ku Poland

Kalekale, koma osati kale loti nkuiwalika, pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ku Poland kunali mtsikana wachiyuda dzina lake Gitla. Ulamuliro wa Nazi wa ku Germany unali utalanda dzikolo, ndipo unatsimikiza zothetseratu mtundu wa Ayuda. Ankawatsekera m'madera ozingidwa ndi mpanda, kenako nkuwakweza sitima kupita kumisasa kokawapha. Pamene nkhondo inkatha anali atapha Ayuda pafupifupi mamiliyoni asanu ndi limodzi. Ku Poland wobisa Myuda ankaphedwa, nthawi zina ndi banja lake lomwe. Akazi atatu apachibale amene ndikukuuzani ankalidziwa bwino lamulo limeneli, ndipo nchifukwa chake ndimawanyadira.

Wamkulu anali Leokadia, wochapa zovala za asilikali olondera mpanda wa dera lomwe Gitla anatsekeredwamo. Ankalowa ndi ngolo yake yokankha kukatenga zochapa, ndipo Gitla ankamudziwa chabe ngati kamtsikana kosokerera mabatani pa mayunifomu. Tsiku lomwe asilikali anayamba kukusa anthu kupita nawo kusitima, Leokadia anamupeza atauma pakhomo.

"Lowa umu," anatero akukweza zofunda zakuda. "Ukayetsemula tafa tonse."

Pachipata msilikali anakweza mpeni wa kumfuti kuti abaye mulu wa zochapazo.

"Bayani, bwana," anatero Leokadia. "Koma zofunda izi ndi za aja amwalira ndi nthenda ya nsabwe."

Msilikali analumphira kumbuyo ngati waponda moto, ngolo nkudutsa. Ntchito yonseyo inatenga ola limodzi. Atamutula kumudzi kwa mng'ono wake, Leokadia anati, "Sundidziwa, sindikudziwa," ndipo chifukwa cha mantha sanapondekonso mpaka nkhondo itatha.

Wachiwiri anali mng'ono wakeyo, Apolonia, mlimi wa ana atatu amene mwamuna wake anali atatengedwa kukagwira ntchito yakalavulagaga. Mayiyu anali wolongolola, woti ngakhale tambala akalira mochedwa ankamva zake. Anakumba dzenje pansi pa khola la nkhumba nkumubisamo Gitla miyezi makumi awiri. Chakudya ankachibisa m'ndowa ya nkhumba kuti anansi asadabwe, ndipo chinali cha pambale yake yomwe. Podziwa kuti Ayuda sadya nkhumba, ankachiphika m'kapoto kapadera, uku akunyinyirika.

"Ena akufa ndi njala, ife tikusunga mfumukazi yosankha ndiwo!"

Ankanena zimenezo tsiku lililonse, koma kapotoko sanakasiye. Tsiku lina mnansi anatsamira pakhola nkuti, "Mayi, nkhumba zanuzi zimadya kawiri, koma bwanji sizinenepa?" Apolonia anayang'ana ana ake atatu akusewera pabwalo. Masana omwewo anatsikira m'dzenje, ndipo kwa nthawi yoyamba analira.

"Mwanawe, ndalephera. Uyenera kupita."

Wachitatu anali Wanda, chitsirizira, wosakwatiwa, wamsinkhu umodzi ndi Gitla. Iyeyu anatenga kalata yake ya ubatizo, yosonyeza kuti si Myuda, nkumupatsa Gitla.

"Kuyambira lero Wanda ndiwe."

Anamuphunzitsa mapemphero a kutchalitchi ndi kagwadidwe kake, napita naye kumzinda, nkumupezera ntchito m'khitchini ya nyumba ya alendo. Mwini nyumbayo anali mayi wodziwika kuti ankanong'oneza asilikali. Koma Wanda anaphunzitsa pakamwa nkuiwala manja. Ayuda sadya magazi, choncho mkazi wachiyuda amayamba waswera dzira m'kapu nkusuzumira ngati mulibe kadontho kofiira. Gitla anachita zomwezo osaganiza nkomwe, monga anazolowera kwa amayi ake.

Mwini nyumba anaima chilili. "Iwe, anakuphunzitsa ndani kuswa dzira chomwecho?"

Mwamwayi Wanda anali atabwera kudzamuona. Anadzambatuka nkumumenya Gitla mbama yomveka mpaka panja.

"Chitsiru iwe, mpaka lero? Pepani mayi, uyu anaswera dzira lowola mu keke ya ukwati. Amayi athu anamukwapula, ndiye chiyambire amaopa dzira ngati njoka."

Mayi uja anaseka mpaka kugwira nthiti, nkhani nkuthera pomwepo. Koma Wanda anali atatsala wopanda kalata. Asilikali anamugwira pamsewu nkumutumiza kufakitale ku Germany, ndipo anabwerako patatha chaka ali ndi chifuwa chomwe sichinamusiye.

Nkhondo itatha, Gitla anapeza kuti pabanja lonse watsala yekha. Bambo, mayi ndi alongo ake anayi anapita ndi sitima ija. Komabe sanalole kuti mtundu uthere pa iye. Anakwatiwa, nawoloka nyanja, nabereka. Ayuda a kwawoko ali ndi mwambo wotcha mwana dzina la munthu amene anamwalira, osati wamoyo, kuti dzinalo liziyendabe padziko. Mwana wake wamkazi anamutcha Sura, dzina la amayi ake. Wamwamuna anamutcha Hersz, la bambo ake. Adzukulu anatenga maina a alongo aja mmodzimmodzi, mpaka onse amene adani anafuna kuwafafaniza anayambanso kuitanidwa pabwalo.

Zaka zinapita, ndipo akazi atatu aja anamwalira. Gitla analumbira kuti mtsikana woyamba kubadwa adzatenga dzina la mmodzi wa iwo. Koma banjalo, abale anga, linangoti mwamuna, mwamuna, mwamunanso, ngati likusonkhanitsa timu ya mpira. Mtsikana anadzabadwa Gitla ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi ziwiri, adokotala atanena kale kuti mtima wake watopa. Anali mwana wa Natan, mdzukulu wake. Dzina linayenera kulengezedwa m'sunagoge Loweruka, ndipo tsikulo linali Lachinayi.

Banja litasonkhana, Hersz anayamba. "Amayi, akhale Leokadia. Pakanapanda ngolo ija, enawo akanabisa ndani? Iye anayang'anizana ndi mfuti pamaso."

"Ola limodzi!" anatero Sura. "Achimwene, kulimba mtima kwa ola limodzi ndi kwina, kwa miyezi makumi awiri ndi kwinanso. Apolonia ankadzuka m'mawa uliwonse nkusankhanso, ana ake ali pomwepo. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma ndi angati angaike ana awo atatu pangozi chifukwa cha mmodzi wa eni?"

"Koma pamapeto anawatulutsa," anatero Natan. "Agogo, Wanda anapereka dzina lake lenileni nkutsala wopanda. Ngati pali woyenera kubwezeredwa dzina, ndi iyeyo."

"Wanda analibe mwana woti amuopere," Sura anayankha. "Kulimba mtima uli wekha nkosavutirapo."

Natan anakanda m'mutu. "Bwanji tingomupatsa onse atatu?"

Gitla anagogoda ndodo pansi. "Mwanayu ndi thumba loti muzingolongedzamo? Maina atatu ndi a papepala. Ine ndikunena dzina loti amake akamaitana kuti adzasambe, msewu wonse uzilimva. Limenelo limakhala limodzi."

Anamunyamula mwanayo nkumuyang'ana nthawi yaitali. M'chipindamo munali anthu khumi ndi anayi otuluka mwa iye.

"Adani aja anafuna kuti tithe," anatero Gitla. "Taonani kuchuluka kwathu. Ndipo ine, amene sindinalephere kukhala moyo, ndikulephera kusankha dzina."

Loweruka layandikira, mwana sangapite kusunagoge wopanda dzina, ndipo mayi wokalambayo sadzaonanso mtsikana wina. Ine mlanduwu wandikulira, ndautula kwa inu. Wa ola limodzi pamaso pa mfuti, wa miyezi makumi awiri ana ali pangozi, ndi wopereka dzina lake: mwanayu atchedwe ndani?